Chipewa cha Nsonga Yachikasu

Eness anakumana ndi Mpundu pa siteji ya basi ku Kabwata, Loweruka lina m'chaka cha 1978. Iye anali ndi chikwama chopanda kanthu m'manja. Mnyamatayo anali atatsamira mtengo, kawayilesi kali kukhutu.

"Muli shani, ba sisita? Nkhope yabwino chonchi mufuna mukaiwotche pa laini ya sopo?"

"Mwadziwa bwanji kumene ndikupita?"

"Loweluka, chola chilibe kanthu, nkhope ya malilo. Ni sopo olo shuga."

Eness anaseka asakufuna.

"Tiyeni ku bwalo la Woodlands," anatero Mpundu. "Lelo Mufulira Wanderers yabwela kumenya bola na City of Lusaka. Sopo muzagula mawa."

Mpira? Ndi mwamuna wosamudziwa n'dzina lomwe? Eness ankatayipa makalata pa ofesi ina ya inshuwalansi mu Cairo Road, ndipo moyo wake unali wa pamzere ngati makalatawo. Lachinayi kwaya ya ku Reformed, Loweruka kuchapa. Ulendo wa Khirisimasi wa kwawo ku Chipata ankayamba kuukonza mu Juni.

Koma basi ya ku Woodlands itafika, miyendo yake inakwera yokha.

Tsikulo anakuwa mpaka mawu kusasa, osadziwa n'komwe amene akuwina. Sopo sanagule.

Kuyambira pamenepo foni ya ku ofesi inasowa mtendere. Helen, yemwe ankalandira mafoni, ankasuzumira pakhomo n'kutsinzina diso.

"Eness, Wanderers wako uja ali pa laini!"

"Mutima wandi," ankatero Mpundu, "tenga juzi chabe. Sitima ya ku Kabwe inyamuka manje manje."

"Iwe, ndayanika zovala kunyumba!"

"Zovala zili na mutima? Ine ndiye nizauma ukakana."

Anapita ku Kabwe. Anapita ku Kafue atakwera lole ya makala, nafika ali bii ngati mphika, akusekana okhaokha. Pobwerera Mpundu anamugwira dzanja.

"Duwa langa, ukamvela kuti nakusiya, uziwe kuti Wanderers yaleka kumenya bola. Ligi ikasila nizatuma bakulu kwanu."

Ndani akanakana mawu otero?

Eness anamulukira chipewa cha mitundu ya timu yake, chobiriwira ndi choyera. Ulusi wobiriwira unamuthera atatsala pang'ono kumaliza, ndipo m'masitolo monse munalibe. Anamasula juzi yake yakale yachikasu n'kumalizira nsonga.

"Ichi nizavala mpaka kumanda," analumbira Mpundu.

Panali chinthu chimodzi chokha. Wanderers ikamasewera kwawo ku Mufulira, pa bwalo la Shinde, Mpundu ankanyamuka Lachisanu yekha.

"Nditengeko, wapamtima."

"Awe, kuja ni kutali. Bantu ba mu migodi bamenyana na mabotolo. Nifuna nkhope iyi ikhale yosapwanyika."

Loweruka lina Eness anadzuka m'mbandakucha, nayika madzi mu beseni. Anayang'ana mulu wa zovala, zovala zikumuyang'ananso. Kodi si Mpundu yemweyo ankati ulendo wokoma ndi wosakonzekera? Anatenga juzi ndi chitupa, nathamangira ku Kamwala kumene basi ya otsatira Wanderers inali kudzaza.

Njira yonse anaimba nyimbo za Chibemba zomwe sankazimva. Pamene asilikali anaimitsa basi kuti aone zitupa, iye ankangomwetulira. Ankaona kale m'mene Mpundu adumphire akamuona.

Anafika mpira utayamba kumene. Shinde inali yodzaza, zobiriwira paliponse. Koma nsonga yachikasu inali imodzi yokha m'Zambia muno, ndipo anaiona pamwamba, pafupi ndi mpanda. Anakwera akuponda zala za anthu.

Chipewa chinali pamutu pa mayi wina wamaso ofatsa, khanda lili pamiyendo.

Eness anaima pambali pake n'kumufunsa.

"Amayi, chipewa chanu n'chokongola. Munachigula kuti?"

"Mwachokela ku Lusaka, te? Namvela Chinyanja," anatero mayiyo, akusendera kuti amupatse malo. "Ndine Barbara. Banabwelesa ni Bashi Chalwe, bamuna banga. Basebenza kwamene kwanu. Banati chinasala chimozi chabe mu shopu."

Eness ankakhala moyandikana ndi Abemba ku Kabwata. Ankadziwa kuti mwamuna satchedwa Bashi kanthu asanabereke. Bashi Chalwe, bambo wake wa Chalwe! Anayang'ana khandalo. Makutu aja, mphuno ija, zonse za Mpundu. Panalibenso chofunsa.

Anakhala pansi n'kudikira.

Mpundu anatulukira akuimba mluzu, chimanga chowotcha chili m'manja monse. Atamuona, chimanga chimodzi chinagwa n'kugubuduka mpaka pansi.

"Ba Eness! Mwabwela bwanji kuno?"

"Pa basi, Bashi Chalwe. Si ndinu munandiphunzitsa? Ndatenga juzi chabe."

"Aba ni ba ku ofesi," anatero Mpundu kwa mkazi wake, thukuta lili kamukamu. "Batithandiza mapepala."

"Musandinamizire ndili pompano," anatero Eness. Anatembenukira kwa Barbara. "Amayi, chipewacho ndinaluka ndine. Ulusi wachikasuwo ndi wa juzi yanga. Anandiuza kuti ndi mbeta, ligi ikatha atuma ankhoswe kwathu. Ine sindinadziwe za inu. Zotsalazo muwafunse eni ake."

Barbara anavula chipewa. Anachitembenuza, nayang'ana m'kati mwake mmene ulusi unamangidwira. Kenaka anachivalanso n'kuchikokera mpaka m'makutu.

"Muluka bwino," anatero. "Bashi Chalwe, ikaleni. Bola ikasila tizakamba."

Mpundu anakhala pakati pa akazi awiriwo ngati wodikira jekeseni. Wanderers itagoletsa, bwalo lonse linanyamuka. Eness ananyamuka, Barbara ananyamuka ndi khanda lake. Mpundu yekha ndiye anatsala pansi.

Eness sanatuluke mpaka wezulo yomaliza. Anali atalipira pageti, athawirenji?

Kulira analira, tisaname. Analira m'basi kuchokera ku Kitwe mpaka ku Kapiri, nkhope ili mu juzi. Pa Kapiri njala inamupweteka, nagula nthochi pazenera n'kudya.

Lolemba Helen anasuzumira pakhomo.

"Wanderers wako ali pa laini. Akuti duwa lake limupatseko mphindi imodzi, afotokoze."

"Muuze kuti Bashi Chalwe aimbire ku Mufulira. Kuno kulibe duwa, kuli ntchito."

Masana anapita kumsika wa Luburma. Ulusi wakuda ndi woyera, mitundu ya City of Lusaka, unalipo wambiri. Chipewa chatsopano anachimaliza Lachinayi, ndipo anachiyeza pamutu pake.

Lachisanu poweruka anaima pa tebulo la Helen.

"City imenya ku Ndola mawa. Tiye."

"Iwe! Ndola? Sindinakonzeke, ndili ndi zochapa."

"Zovala sizithawa," anatero Eness. "Tenga juzi chabe."