Timawaya pa Kakolo

Makaniko anamuonera pa siteji ya basi, mvula ikuwaza, mtsikana woluka tsitsi ku saluni. Anakwera basi imodzi, mpando umodzi. Ali m'njira, mayi wina anapempha dalaivala kuti aime akadzithandize. Makaniko, pofuna kumuseketsa namwaliyo, anati anthu a chikhodzodzo chobooka azikhala kunyumba. Mtsikana anamwetulira pang'ono n'kuyang'ana pawindo.

Chikondi sichinachedwe. Makaniko ankamutcha Duwa, ndipo mameseji ankangogundana m'mafoni.

"Duwa langa, popanda iwe ndine galimoto yopanda batire."

"Wapamtima, sindidzakusiya olo zitavuta bwanji."

Mphete inalowa pachala, makolo n'kuyamba kukamba za ukwati.

Koma Lachiwiri lililonse Duwa ankasowa, foni yozimitsa. Akapita kokayenda sankakhazikika. Kamphindi wanyamuka ndi kachikwama kake, kamphindi wabwera, kenako wanyamukanso. Kuseriko ankakaimbira ndani? Akamufunsa ankangoti palibe, maso ali pansi.

Mlongo wake wa makaniko, mlomo wake wosapuma uja, ndiye anakolezera moto. Anati achimwene akuyendedwa pansi dzuwa likuswa mtengo, iwo ali kalikiliki kusakasaka suti ya ukwati.

Tsiku lina Duwa atathamangira kuseri monga mwa nthawi zonse, anaiwala foni patebulo. Inalira, meseji italowa, makaniko n'kuiwerenga. Nambalayo anaisunga ndi dzina loti Lachiwiri.

"Mawa mubwere mutavala zomasuka, tidzapitirize pomwe tinalekezera. Usiku mukugona bwino tsopano?"

Mtima wa makaniko unawawa koopsa. Zomasuka? Kupitiriza chiyani?

M'mawa mwake anasiya injini ya mwiniwake ili yasa, n'kumutsatira chapatali. Duwa analowa m'kachipatala kena kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Bambo wina wamtali anamulandira ndi chimwemwe n'kutseka chitseko. Makaniko sanaone ndi chikwangwani chomwe, nsanje itamuphimba m'maso. Anadutsa anthu amene anali pabenchi, iye akukalipa kuti lero awagwira, n'kukankha chitseko.

"Duwa! Ndiye zochita zako zimenezi?"

Duwa anali gone pabedi, atavala bwinobwino. Pamwamba pa kakolo panabayidwa timasingano toonda, ndipo timawaya tinachoka pamenepo kupita ku kamakina ka magetsi. Zala za kuphazi zinkagwedera pang'onopang'ono. Bambo wamtali uja anali dokotala, dzanja lake lili pa kamakinako.

Chitseko chinali pululu, a pabenchi atasuzumira. Duwa analankhula misozi ikutsikira m'makutu.

"Ndimakodza pafupipafupi. Nthawi zina mkodzo umandipulumuka ndisanafike kuchimbudzi. Timasingano iti tikukhazika chikhodzodzo pansi, ndipo ndinayamba kupezako bwino. Ndimafuna ndichire ukwati usanafike, usadzadziwe n'komwe."

Makaniko anafunsa kuti bwanji sanamuuze.

"Ndikanakuuza bwanji? Si iwe unati ife a chikhodzodzo chobooka tizikhala kunyumba?"

Basi ija inamubwerera m'mutu, manyazi n'kumugwira. Anagwada pakhomopo n'kuyamba kupepesa, akumutchula mayina onse okoma. Koma chinsinsi chomwe Duwa anachisunga movutikira chinali chitamveka kale mpaka pabenchi.

Duwa anavula mphete n'kuipereka kwa dokotala.

"Adokotala, apatseni bambowa katundu wawo. Ine sindingadzuke, timasingano sitinathe ntchito. Ndipo potuluka atitsekere chitseko."