Mabatire a Kunsi kwa Bedi

Mabatire asanu ndi limodzi, atsopano, osatha moto, onse pa mtengo wa nkhuku imodzi. Munthu wanzeru akamva malonda otere amagwira thumba lake n'kuyang'ana njira yobwerera. Chotsaniko sanayang'ane njira. Iye anangoona kuti nkhukuyo yakwera mtengo.

Dzinalo anamupatsa ndi anthu a pachisumbupo, chifukwa bamboyu ananenerera ngakhale bokosi la maliro a bambo ake omubereka, mpaka kalipentala anakwiya n'kuzula zogwirira. Ntchito yake inali ya njinga zamagetsi. Anali nazo zisanu ndi imodzi, ndipo boti likatsitsa alendo, iye ankatenga kagulu n'kukatsogolera m'nkhalango, kudutsa m'minda, kukwera chitunda chachitali mpaka ku mathithi. Alendo amakonda nkhalango koma sakonda kutopa. Ndiye pa chogwirira cha njinga iliyonse panali batani. Ukadina kamodzi, njinga imakuthandiza pang'ono. Kawiri, imakukankha. Katatu, imakunyamula ngati mwana wakumbuyo. Iye mwini ankatsogola pa njinga wamba yopalasa, poti wolipira ndiye amayenera kupuma.

Vuto linali moto. Jenereta inkamwa petulo ngati chidakwa cha pa maliro, ndipo mabatire akale ankathera pakati pa chitunda, alendo n'kumakankha njinga akutukwana m'zinenero zawo.

Tsiku lina chakumadzulo, Chotsaniko atanyonyomala pabwalo akudonthezera oyilo m'matcheni, anamva fungo la waya wopserera. Anayang'ana jenereta, inali yozima. Potembenuka anapeza munthu ataima pachipata, chikwama chachikulu m'manja. Anali wonenepa, wovala jekete pa dzuwa lonse lija, koma pamphumi popanda ndi dontho lomwe la thukuta. Anatsegula chikwama, natchula mtengo.

"Chotsaniko pang'ono, achimwene."

"Nenani inu."

"Theka."

"Tengani."

Apa Chotsaniko anamva kuwawa mumtima, poti wogulitsa akavomera msanga ndiye kuti ukanayamba pa kota. Ananyamula batire limodzi. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo linalibe poboola polowetsa waya.

"Nanga ndizitchaja bwanji?"

"Kunsi kwa bedi. Usiku umodzi basi."

"Bedi lililonse?"

"Logonapo munthu," anatero wamalondayo, akutseka chikwama. "Koma musayambe ndi lanu."

Chotsaniko sanafunsenso. Pali mafunso ena amene ukafunsa mtengo umakwera.

Madzulo omwewo anazungulira nyumba zisanu ndi imodzi za anansi. Anati akuba achuluka, ndipo aliyense womusungira batire kunsi kwa bedi azimupatsa sopo mwezi ukatha. Anthu anavomera akuseka, poti sopo wa Chotsaniko chinali chinthu choti uzikauza adzukulu. M'mawa mabatire anabwera ofunda, olemera, akunjenjemera pang'ono m'manja ngati nkhunda yogwidwa. Tsiku limenelo njinga zinakwera chitunda ngati zikutsetsereka. Alendo anaimba nyimbo.

Kumudzi kunalibe nyimbo. Dzuwa likafika pamutu, nthawi imene kagulu kaja kamakhala pa chitunda, anthu asanu ndi mmodzi ankayamba kupuma wefuwefu ali chikhalire. Mayi wogulitsa tomato ankatuluka thukuta mpaka nsalu kumata. Mphunzitsi ankasiya choko n'kugwira ntchafu. Ena ankati ndi malungo, ena ankati ndi madzi a pachitsime chatsopano. Usiku, amene anali ndi tulo topepuka ankamva kaphokoso kunsi kwa bedi, kong'ung'udza ngati njuchi imodzi yotsekeredwa m'botolo, ndipo akayatsa nyali kankasiya.

Woyamba kugwa anali telala, mkulu wowonda wa chifuwa chachikale. Tsiku limenelo batire la kunyumba kwake linakwera ndi mlendo wina wamimba ngati thumba la makala, amene anadina katatu asanatuluke n'komwe pachipata. Masana telala anagwa chagada pa mpando wake, koma miyendo sinagwe naye. Inakwera m'mwamba n'kuyamba kuzungulira, kumanja, kumanzere, mwadongosolo, ngati ya munthu amene ali ndi ulendo. Amuna awiri anaikanikiza pansi, inawaponya. Telala ankangoyang'ana miyendo yakeyo, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa. Itaima, iyenso anali ataima. Osambitsa thupi anati mkamwa mwake munkatuluka fungo la waya wopserera.

Chotsaniko anamva nkhaniyi akupukuta zishalo. Anayang'ana batire la telala: nyali yake yaing'ono inali itazima, pamene ena asanu aja ankawalabe. Sanali munthu wopusa, ndipo anamvetsa zonse. Chimene chinamupweteka n'chakuti mlendo wamimba uja analipira mtengo wofanana ndi anzake.

Maliro atatha, anansi anabweza mabatire limodzilimodzi, ena atawakulunga m'thumba kuti asawakhudze.

"Chinthu chanuchi chimalira usiku, bambo."

"Ndi fani yamkati imeneyo."

"Ikalirireni kwanu faniyo."

Masiku awiri njinga zinangokhala, alendo akudutsa pachipata kupita kwa amaboti. Chotsaniko sanadye bwino. Kenaka anakumbukira mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, wosenza katundu padoko, munthu wa miyendo ngati mitengo ya denga, amene ankalira lendi mwezi uliwonse. Kuseri kwa shedi ya njinga kunali kachipinda kopanda ntchito.

"Alamu, bwerani muzigona kuno. Lendi ayi."

"Inuyo, alamu? Ulere?" Mlamuyo anaseka mpaka kutsokomola. "Mwadwala kapena mwapemphera?"

"Muzingondilondera mabatire. Ndiziika kunsi kwa bedi lanu."

Onse asanu ndi limodzi anapita kumeneko. Mlamuyo anapirira kuposa mmene Chotsaniko anayembekezera, ndipo mumtima mwake ankamuyamikira ngati mmene umayamikirira tayala lolimba. Koma akatumba aja anayamba kusungunuka. Buluku linayamba kugwa. Masana ankatsitsa thumba pakati pa doko n'kugona pa matabwa, zidendene zikugogoda, anzake akumuseka kuti akuvina. Madzulo aliwonse mlongo wake ankamupaka miyendo mafuta onunkhira otenthetsa minofu, akumukalipira.

"Achimwene, pitani kuchipatala."

"Anandiyeza. Akuti ndilibe matenda, ndangotopa."

"Mwatopa ndi chiyani, poti lero simunasenze kanthu?"

"Kaya, mlongo. Ndikatseka maso ndimaona mitengo ikudutsa."

Anafa Loweruka, tsiku la maulendo awiri. Wa m'mawa anaupirira. Wa masana unamupeza pakhonde la mlongo wake, mbale ya chakudya pamwendo. Mayiyo anagwira mawondo a mchimwene wake mpaka manja ake kutupa, akumva mafupa akukhulana mkati, ndipo miyendoyo inapalasabe kanthawi mwini wake atasiya kale kupuma.

Pobwera ndi alendo, Chotsaniko anapeza anthu atadzaza pabwalo. Analira mokwanira, poti amadziwa muyezo wa chilichonse. Pambuyo pake, akulowetsa njinga m'shedi, anapezamo mkazi wake akupukuta mabatire monga ankachitira masiku onse. Mabatirewo anali onyowa ngati msana wa munthu. Mayiyo anaimitsa dzanja, nanunkhiza chiguduli, nanunkhizanso. M'shedi monse munali fungo la mafuta aja otenthetsa minofu. Anapinda chigudulicho bwinobwino n'kutuluka. Chotsaniko anati ndi chisoni, ndipo anakondwa kuti anakwatira mkazi wosalongolola.

Apongozi ake, mayi a malemuwo, anatsala pakhomopo maliro atatha, akugona m'chipinda cha alendo. Sabata lomwelo hotela ya padoko inatumiza uthenga: kagulu kodzaza, amuna okhaokha, olipira bwino, akufuna ulendo wa ku mathithi Lachitatu. Chotsaniko anayang'ana gogoyo akuwothera dzuwa, miyendo ngati nkhuni zouma, ndipo anawerengera. Ulendo umodzi angakwanitse, mwina. Akapanda kukwanitsa, anthu adzati chisoni cha mwana chawatenga. Chovuta chinali chimodzi: mwamuna wamkulu sangakwawire kunsi kwa bedi la apongozi ake popanda mudzi wonse kumva.

"Mayi," anauza mkazi wake, "mabatirewa mukawaike m'chipinda cha amayi. Akuba sangaganizeko kumeneko."

"Kunsi kwa bedi?"

"Eya, n'kouma bwino."

"Onse?"

"Onse."

"Chabwino, bambo." Anamuyang'ana nthawi yaitali pang'ono. "Idyani, chakudya chikuzizira."

Anadya bwino usiku umenewo, ndiwo zankhuli, ndi botolo la mowa limene mkazi wake anati linatsala pa maliro. Anagona ngati chipika. Analota njuchi.

M'mawa mabatire anali kale pakhonde, ofunda, odzaza. Apongozi ankamwa tiyi. Chotsaniko anamva miyendo kulemera, nanena kuti ndi botolo lija. Alendo anafika, amuna asanu ndi mmodzi odya bwino, ovala zothina. Anawamanga zipewa, nawauza mawu ake a masiku onse: mu nkhalango dinani kamodzi, m'minda kawiri, pa chitunda katatu, ndipo musaime ngakhale muone chiyani, poti mukaima simudzukanso, tikumana pamwamba.

M'nkhalango munali bwino, mthunzi, fungo la masamba onyowa, anyani akukuwa patali. Alendo atadina koyamba, Chotsaniko anamva ngati wina wamukoka mtsempha wa m'ntchafu. Anapalasabe. Pofika m'minda malaya anali atamata, mtima ukugunda m'makutu, ndipo mapedulo ake ankalemera ngati akukoka ngolo ya mchenga. Kumbuyo kwake kunamveka timabatani, tiki, tiki, tiki. Mawondo ake anayaka moto. Apo m'pamene anakumbukira mmene mkazi wake anafunsira kuti, onse?

Chitunda chinali patsogolo. Anakweza dzanja kuti aime, koma pakamwa panangotuluka mpweya. Mlendo amene anali patsogolo pa anzake anaona dzanjalo, nayesa kuti ndi chizindikiro, nadina kachitatu. Anzake anatsatira.

Chotsaniko anagwera m'mbali mwa njira, chagada, pa masamba. Miyendo yake inakwera m'mwamba n'kuyamba ntchito. Alendo anamudutsa mmodzimmodzi, akuliza mabelu. Mmodzi anacheuka, naseka, nakweza chala chachikulu, poyesa kuti ndi nthabwala za mtsogoleri. Sanaime. Anali anthu omvera malangizo.

Chitunda chimenecho Chotsaniko ankachidziwa mwala ndi mwala, ndipo tsiku limenelo anachikwera kasanu ndi kamodzi nthawi imodzi, ali chigonere. Anamva pokhota poyamba m'chiuno. Anamva pa mizu paja m'mawondo. Nsapato imodzi inauluka. Linthumbu linamupeza, linamukwera m'khosi, ndipo analibe dzanja la mphamvu lolisasa. China chake chinaduka kuseri kwa bondo lamanzere ndi kaphokoso ngati ka ulusi, koma mwendowo sunaphonye ngakhale kuzungulira kumodzi. Pamwamba, alendo anajambulitsa pa mathithi, nadya masikono, nadabwa kuti sanatope n'komwe.

Sanafe. Mkazi wake anaonetsetsa zimenezo. Anamugoneka m'kachipinda kaja ka kuseri kwa shedi, namuuza dokotala kuti bambo anagwa pa njinga, ndipo dokotala anavomera kuti sadzaimiriranso. Anansi ankabwera kudzazonda, n'kumayamikira mayiyo: mazira m'mawa, nyemba masana, nyama kawiri pa sabata, mafuta opaka miyendo osatha. Chotsaniko ankawayang'ana, lilime likuyabwa. Koma anene kuti chiyani? Kuti afotokoze za kunsi kwa bedi lake, anayenera kuyambira pa telala, ndipo ana a telala ndi amuna atatu okhala ndi nkhwangwa.

Mayiyo analemba ntchito mtsogoleri wina, ndipo bizinesi inayenda bwino kuposa kale, poti iye anali wosamala katundu. Lamlungu njinga zinkapuma. Kudina katatu anakuletsa, ndipo wofuna kuloledwa kutero ankalipira mwapadera. Ambiri ankalipira.

Madzulo ankalowa ndi mabatire m'beseni, n'kugwada, n'kuwalowetsa limodzilimodzi.

"Mayi," anatero Chotsaniko tsiku lina, mawu ngati a nkhuku yonyowa, "ndine mwamuna wanu."

"Ndikudziwa, bambo. N'chifukwa chake ndikukudyetsani." Anakankha batire lomaliza ndi phazi. "Mawa ndi maulendo awiri. Malizani nyembazo."

Motero malonda aja anapeza wolipira, ndipo akulipirabe, ndi miyendo iwiri, umodzi wake woduka mtsempha, chitunda chonse kawiri pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Mwezi wathawu boti linatsitsa mabokosi awiri aatali, ndipo chakumadzulo kwake pachipata panamvekanso fungo la waya wopserera. M'mawa mwake Chotsaniko anagona chete, akumvera mtsogoleri watsopano akuyesa mabelu pabwalo monga mwa nthawi zonse, njinga ndi njinga. Anawerenga. Anali asanu ndi atatu.