Bango Loyezera Mlatho

Hezekiya anatseka ofisina yokonzera magalimoto dzuwa litalowa kalekale, manja ali bii ndi girisi. Chaka chimenecho nkhondo inali itafika poipa ku Chifunde, ndipo munthu wanzeru sankayenda usiku: uku asilikali a Apwitikizi, uku anyamata a m'tchire. Koma kumudzi kunali mkazi wake Debora, wapakati wa miyezi isanu ndi itatu, ndipo m'mawa mwake mudzi wonse unkasamutsidwira ku mudzi wa Apwitikizi wotchingidwa ndi waya ku Mualadzi. Akanagona bwanji pa ofisina?

Hezekiyayu umakaniko ankaudziwa, tisamunamizire, koma matama eee, anali nawo osefukira. Tsikulo ankanyadira kamiyau, lole ya katundu. Bwana wake, mwini sitolo, anagula chigalimoto chakale chimene asilikali anachitaya, ndipo ndicho chinalamulidwa kukanyamula anthu. Matayala ake anali atapereseka, ndiye Hezekiya anakafukula ena kuseri kwa nyumba ya katundu, pansi pa malata. Anali aakulu kuposa oyambawo, mano ali gwa. Atawamanga, matayalawo ankakhula thupi la galimoto. Iye osataya mtima, anatembenuza malimu, zitsulo zomangirapo matayala, kuti matayalawo atulukire kunja. Basi, anakwana! Masana dalaivala Semu anaiyendetsa yopanda kanthu kukagona nayo kumudzi, Hezekiya n'kutsala akukonza injini ya chigayo.

Anayenda m'mkwasa wa matayala ake omwe, akuimba kamluzu chapansipansi. Mwezi unali mbee. Atayandikira pa mlatho wa mitengo, uja wa matabwa awiri aatali oyendapo matayala, kamluzu kanamuthera pakamwa.

Pakati pa mlathopo panali munthu atagwada.

Hezekiya anaima. Msilikali? Ayi, analibe mfuti. Anali ndi bango lalitali, akuligoneka chopingasa pa matabwa, kulinyamula, kuligonekanso.

"Zikomo, wawa... tidutse nawo."

Munthuyo sanatembenuke. "Ndinu mwamanga matayala aja?"

"Ndine amene," anatero Hezekiya, matama atabwerera pang'ono. "Galimotoyo mwaiona mmene yadutsira?"

"Yopanda kanthu imadutsa. Imatipusitsira pomwepo."

Mawuwo anali osasa, ngati a munthu wa madzi pakhosi. Hezekiya anasendera. Fungo linamuwomba: dizilo ndi matope. Malaya a munthuyo anali onyowa, akudontha pa thabwa... tho... tho... tho. Komatu unali mwezi wa Okutobala! Mtsinje pansipo unali miyala yokhayokha, wouma gwa!

"Taonani apa, m'bale wanga."

Analoza m'mphepete mwa thabwa. Linali litatekedzeka, zibenthu zatsopano zili yangayanga. Tayala linali litaponda theka lokha, theka lina likulendewera m'malere. Dzanja lolozalo linali ndi zala zitatu.

Munthu uja anathyola bango mofanana ndi kutambalala kwa matabwa, n'kulipereka. Linali lonyowa, lozizira ngati chitsulo cha m'mamawa.

"Mukayeze. Dzanja limodzi uku, dzanja limodzi uku. N'zochepa, eti? Nanenso ndinkati n'zochepa."

"Kodi inu ndinu ndani?"

"Amayi asakwere. Makamaka wa duku lakuda. Wavutika mokwanira."

Hezekiya anayang'ana bango. Anadzutsa mutu.

Palibe!

Kutsogolo, palibe. Kumbuyo, palibe. Anasuzumira pansi... miyala yokha. Pa thabwa panatsala madzi, ndi mabondo awiri atadindika. Tsitsi linamuima. Miyendo inayamba yokha. Anathamanga! Anagwa, anadzuka, nsapato imodzi inatsala pomwepo, koma bango sanalitaye.

Anafika kumudzi atambala oyamba akulira. Anthu anali atadzuka kale ndi nyali, akukweza matumba a chimanga, mitondo, mbuzi zomanga miyendo. Katundu anali atafika pamwamba. Ndipo pamwamba penipeni, pa mphasa yopinda, panakhala Debora atagwira mimba yake.

"Tsika! Debora, tsika!"

"Nanga mwatani, bambo? Nsapato ina ili kuti?"

Semu anaseka. "Amisiri, mwalawa kachasu panjira?"

Hezekiya anazungulira galimotoyo. Anagwada kumbuyo kwa kamiyau n'kugoneka bango pakati pa matayala. Mayo ine! Bango linathera m'kati. Tayala la kumanja linapitirira ndi dzanja lathunthu, la kumanzere chimodzimodzi. Anayezanso. Chimodzimodzi.

"Uku ndi kutambalala kwa mlatho," anatero. "Ndi katundu uyu thabwa lithyoka. Tonse tikathera m'chigwembe. Ndalakwa ndine, abale anga. Ndinayeza galimoto, njira sindinaiyeze."

Kuseka kwa Semu kunazima. Anthu anaunjikana, wina n'kufunsa kuti nzeru yoyeza mlatho usiku waitenga kuti. Hezekiya anafotokoza zonse, za malaya onyowa, za mawu osasa. Atangotchula zala zitatu, anthu anayang'anana. Iye anali mkamwini wa zaka ziwiri zokha m'mudzimo, sanadziwe chimene wanena.

Mayi wina anatuluka m'gulumo. Anali a Custódia, mayi wofatsa wa kwaya ya kutchalitchi, kumutu atamanga duku lakuda. Analanda nyali kwa mnzawo n'kupita pa tayala la kumbuyo. Anapala matope ndi chikhadabo. Pansi pake panatuluka chilembo chowotcha ndi waya wamoto: A.

Nyali inagwa pansi.

"Matayala awa mwawatenga kuti, achimwene?"

"Kuseri kwa nyumba ya katundu, mayi. Anali pansi pa malata."

"Anawavuula mu mtsinje uja." A Custódia anakhala pansi pafumbi. "Amuna anga a Andreya ndiwo anawamanga pa kamiyau yoyamba ya mwini sitolo. Zala ziwiri zinadulidwa ndi jeke. Anabwera kunyumba akunyada ngati inuyo, akuti yadutsa bwinobwino. M'mawa mwake anapakira chimanga, mvula itagwa usiku wonse, mtsinje utadzaza. Tinawapeza patapita masiku atatu."

Hezekiya anawayandikira.

"Liti, mayi?"

"Kumvula kuno zikwana zaka zinayi."

Palibe amene anauza mnzake chochita. Amuna anayamba kutsitsa matumba mwakachetechete, Semu akutukwana chapansipansi kuti galimotoyo siiwolokanso mpaka matayala akale atabwera, ngakhale asilikali amumange. Hezekiya anatambasula manja n'kumutsitsa Debora pang'onopang'ono, ndipo atamuimika pansi analira mosabisa, pamaso pa apongozi ake omwe.

A Custódia anatola bango lija. Linali likudonthabe. Analigwira pachifuwa, duku lakuda likugwedezeka.

"Za ine... anatchulako?"

"Anati musakwere, mayi. Anati mwavutika mokwanira."