Wachitatu wa pa Intavyu

Foni inayamba kunjenjemera m'kabati usiku wa Lolemba, Namakiyi atatsala yekha mu ofesi. Sinkalira ayi, inkangoti njenjenje pathabwa ngati chiwala chotsekeredwa m'chitini. Anagwira m'thumba la siketi, yake inalimo. Anayang'ana matebulo a anzake, onse anali mbee, makompyuta ozimitsa. Nanga imeneyi ndi ya ndani?

Namakiyi anali mlembi mu ofesi yolemba anthu ntchito ya bungwe lina lalikulu la mayiko ambiri, aja a magalimoto oyera odutsa anthu n'kuwasiyira fumbi. Dzinali anamupatsa ndi alonda chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalendewera m'khosi mwake. Ntchito yake inali kuitana ofunsira ntchito, kuwalandira pageti, kuwalembetsa mayeso, kenako kuwakhazika kutsogolo kwa kompyuta kuti akuluakulu a kulikulu awafunse mafunso. Likululo linali kutali, kumene kumacha kuno kukuda, ndiye ma intavyu ankachitika usiku. Kontirakiti yake inkatha mwezi womwewo, ndipo Abwana anali asananene ngati aiwonjezera. Mwamuna wake ankadwala mtima, mankhwala ake ankachokera ku chipatala cha bungwe. Ntchito ikatha, mankhwala atha, nkhani yake inali yomweyo basi.

Anatsegula kabati. Munali chikwama chakuda chong'ambika pangodya, ndipo m'kati mwake foni inkawala, pagalasi palembedwa kuti "Mayi a ana". Mayo ine, Aphunzitsi!

Bungwelo linali ndi lamulo loti pa ntchito iliyonse pafunsidwe anthu atatu. Koma nthawi zambiri mwini ntchito amakhala atadziwika kale, mphwake wa uje kapena mnzake wa uje, awiri enawo ngongodzazitsa mipando. Namakiyi anali ndi anthu ake owaitana zikatere, ndipo wosavuta kuposa onse anali Aphunzitsi, bambo wachikulire amene sukulu yawo inatsekedwa kalekale. Ukawaimbira ankabwera atavala jekete yotuwa, nsapato zitapukutidwa mpaka kuwala, n'kuthokoza. Akalephera ankathokozanso. Mu ofesi inali nthabwala: "Kwasowa wachitatu? Itanani Aphunzitsi, sakana amene uja."

Lachisanu madzulo anawaitananso. Anawalanda chikwama ndi foni monga mwa lamulo, kuti asabere mayeso, n'kutsika nawo ku chipinda cholembera. Chipindacho chinali pansi penipeni pa nyumbayo, kuseri kwa jenereta, chopanda zenera, chitseko chake chachitsulo chokhomera kunja. Kiyi wake anali mmodzi yekha, ndipo ngakhale osesa sankaloledwa kulowamo. Anawasiyira pepala, cholembera ndi kabotolo ka madzi.

"Mukamaliza mungokhala, ndibwera ndekha kudzakutengani," anatero.

"Zikomo kwambiri mayi, Mulungu akudalitseni."

Anakhoma chitseko monga mwa nthawi zonse. Atakwera m'mwamba anapeza Abwana akuzimitsa kompyuta. A kulikulu anali atatopa, akuti awiri omwe afunsidwa akwanira, munthu wawo wadutsa kale, tiyeni tiweruke. Nthawi yomweyo mayi woyandikana naye nyumba anaimba kuti mwamuna wake wagwa pakhomo, akupuma movutika. Namakiyi anathamanga. Loweruka ndi Lamlungu anathera pa benchi ya kuchipatala, ndipo munthu wa m'chipinda cha pansi sanamudutse m'maganizo ngakhale kamodzi.

Tsopano anatsika masitepe akugwira khoma. Babu la m'njiramo linali litapsa, mdima wake wandiweyani, ndipo jenereta inali chete chifukwa magetsi analipo usiku umenewo. Ankamva kupuma kwake komwe ndi makiyi akugundana pachifuwa. Atafika pafupi ndi chitseko anaima. Zii. Kenako, chapansipansi, go, go, go. Kugogoda kwake kunali kwaulemu, kwa munthu woopa kusokoneza anthu ofunika.

"Mayi?" Mawu anatuluka pansi pa chitseko, ouma ngati makoko a chimanga. "Mayi, ndinu? Pepanitu. Ndinamaliza kulemba."

Apa ndi pamene ine mtima umandiwawa ndikamafotokoza nkhaniyi. Kiyi anali m'manja, abale inu, m'manja! Kunali kungopotokola basi. Koma Namakiyi anaima n'kuyamba kuganiza. Akatsegula, munthuyu satha kuyenda, pafunika alonda, ambulansi, lipoti lopita kulikulu, ndipo Abwana aja adzasamba m'manja n'kunena kuti iwo za wachitatu sakuzidziwa. Kontirakiti ithera pomwepo. Anaona nkhope ya mwamuna wake pa bedi la kuchipatala, milomo itada. Anadziuza kuti mawa, mawa apeza nzeru yowatulutsira alonda osaona. Anavula nsapato, n'kukwera masitepe ndi zala za kumapazi.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lachiwiri m'mawa mlonda wa pageti anamuitana kuti pali mayi akufuna a ofesi yolemba ntchito. Anali mayi wochepa thupi, maso ofiira chifukwa chosagona, atagwira chithunzi cha Aphunzitsi.

"Pepani achemwali, bambo a kwathu anati abwera kuno Lachisanu. Mpaka lero sanafike. Foni imangoitana."

"Anabwera, analemba, anapita," anayankha Namakiyi, nkhope ili gwa.

"Ndazungulira zipatala zonse, kumotchale komwe ndafikako. Chikundidetsa nkhawa ndi mankhwala awo. Amayenda nawo m'chikwama, akadumphitsa tsiku limodzi sakhala bwino."

"Amayi, kuno ndi ku ofesi, si kupolisi. Mwina ali ndi kwina kumene amakagona, amuna mumawadziwa."

Mayiyo anangoti kukamwa yasa, misozi mbwembwembwe. Namakiyi anabwerera mu ofesi, n'kuzimitsa foni ija, n'kukankhira chikwama kumbuyo kwa mafayilo. Kenako tiyi wa Abwana anamupanga bwinobwino.

Usiku umenewo ma intavyu atatha anatsikanso, koma anathera pakati pa masitepe. Kugogoda kunali kutasiya. Kunkamveka kukanda, kwee, kwee, m'munsi mwa chitseko, kenako kupuma kwakutali, kenako kwee. Munthu anamugwira paphewa ndipo anatsala pang'ono kukuwa. Anali mlonda wa usiku, tochi ili m'manja koma yozimitsa.

"Anti, mwamva nanunso?" ananong'ona. "Pansi apa pali chinthu."

"Ndi makoswe."

"Khoswe amanena kuti pepani, anti? Dzulo ndinamva ndi makutu angawa. Ine kumeneko sinditsikako, olo andichotse ntchito."

Pofika Lachitatu mphekesera zinali ponseponse. Osesa ankati nyumbayo inamangidwa pa manda. Dalaivala wina ankalumbira kuti mmisiri anagwera m'simenti nthawi yomanga ndipo sanamutulutse. A ku akaunti ankaseka kuti ndi mzimu wa munthu amene akudikirabe malipiro ake. Palibe amene anafunsa za kiyi, poti chipinda cha mayeso chinali cha a ofesi yolemba ntchito, ndipo m'mabungwe otere aliyense amayang'ana tebulo lake. Namakiyi ankaseka nawo nthabwalazo, kuseka kwa mano okha. Usiku anatchera khutu ali pamwamba pa masitepe mpaka khosi kuwawa. Kunalibe kugogoda, kunalibe kukanda, kunali zii wolemera amene anamutsatira mpaka m'minibasi.

Kunyumba nako zinthu sizinali bwino. Iye ankafika usiku kwambiri n'kuchoka m'mamawa, ndipo ankapeza mwamuna wake mapazi atatupanso, akupuma ngati wakwera phiri, chonsecho mankhwala atsopano anali atawatenga kuchipatala Lamlungu lomwelo.

"Abambo, mukumwa koma mankhwala?"

"Musadandaule za ine, amayi. Gonani, mwatopa."

Lachinayi masana Abwana anamuitana, akumwetulira. Kulikulu avomera, kontirakiti yawonjezedwa chaka china. Namakiyi anathokoza.

"Mwagwira ntchito bwino, mulibe phokoso inu," anatero Abwana. "Mawa tili ndi anthu olemba mayeso. Mukonze chipinda chija usiku uno."

Anadikira mpaka galimoto yomaliza itatuluka. Anamanga mpango kumphuno, anatenga tochi, n'kutsika. Sitepe iliyonse inkalira pansi pa phazi lake. Pachitseko anaika khutu, chitsulo chili zizirire, osamva kanthu. Analowetsa kiyi n'kupotokola. Kenako loko anati khethe, ndipo chitseko chinatseguka pang'onopang'ono chikulira.

Munalibe munthu. Anawalitsa tochi pansi pa tebulo, kuseri kwa chitseko, m'ngodya zonse, ngakhale kudenga. Mpando unali utakankhidwira bwino pansi pa tebulo, cholembera chitagonekedwa pambali pa pepala, kabotolo kouma kali ndi chitsekero chake. Fungo munalibe. M'munsi mwa chitseko mokha ndi momwe penti inali itakandidwa mpaka chitsulo kuonekera, ndipo m'mizeremo munali timagazi touma. Namakiyi anakhala pansi n'kuyamba kuseka, kenako kulira, kenako kusekanso. Kaya anatuluka bwanji, kaya ndani anawatsegulira, iye analibe nazo ntchito. Wapulumuka! Anasesa, anapukuta chitseko, anakhoma, n'kuthamangira kunyumba kukauza mwamuna wake za kontirakiti.

Anapeza nyumba ili mumdima. Pabalaza sanayatse nyale, anangodutsa n'kulowa kuchipinda. Mwamuna wake anali atagona chagada, kupuma kukuchita kulira m'chifuwa, thukuta lili kamukamu. Pa kabati ya pambali pa bedi panali mabotolo a mankhwala. Anagwedeza limodzi, lopanda kanthu. Linalo chimodzimodzi.

"Abambo! Mankhwala a mwezi wathunthu apita kuti?"

"Tsitsani mawu," ananong'ona mwamunayo, "mungawachititse manyazi alendo."

"Alendo ake ati?"

"A kuntchito kwanu aja. Bambo aulemu kwambiri, a jekete yotuwa. Akhala akubwera kuyambira Lolemba usiku, inu mukangogona. Amati mankhwala awo munawatsekera m'kabati ku ofesi, ndiye amapempha angawa. Ndikanawamana bwanji munthu wovutika chonchija? Zala zawo mutaziona, amayi, zikhadabo zonse zinathothoka."

Namakiyi anagwada pambali pa bedi. Anagwira dzanja la mwamuna wake, linali lozizira ngati chitseko chija.

"Tiyeni kuchipatala, dzukani, ntchito andiwonjezera, akatipatsa ena!"

"Mwachedwa, amayi. Akuti poti inu simunapite kukawatenga kumene munawasiya, ndiwaperekeze ndine. Lero sanachoke. Ali pabalazapo, mwawadutsa polowa."

Pabalaza mpando unalira, ngati munthu wachikulire akudzuka movutika. Nsapato zinayamba kuyenda pasimenti, pang'onopang'ono, mpaka zinaima kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Namakiyi anakumbatira mwamuna wake ndi mphamvu zake zonse, akumuitana, akumugwedeza, ndipo anamva chifuwa chija chikukwera kamodzi, n'kutsika, osakweranso.