Evelesi Anatsika M'galimoto ya Mwini

Cornelius ndi Evelesi anakwatirana kwawo ku Mitundu n'kubwera m'tauni ndi chikwama chimodzi. Mwamuna anapeza ulonda ku Area 10, mkazi ntchito ya m'nyumba ku Area 43. M'mawa ankatsika minibasi limodzi n'kumaliza ulendo wapansi, akuseka. Kumayadi kumeneko wantchito amayenda pansi. Magalimoto ndi a eni nyumba.

Tsiku lina Evelesi akusesa, anaona m'galaja mwa bwana wake amuna awiri akukhuthulira feteleza wa boma, uja wotsika mtengo, m'matumba ena kuti akagulitsidwe kusitolo. Chaka chomwecho mayi ake kumudzi anali atabwezedwa kuti feteleza watha. Mtima unamuwawa. Anapita ku City Centre kukanena ku bungwe lolimbana ndi katangale.

Wofufuza nkhaniyo, a Kenani, anamuchenjeza: "Mayi, izi zisatuluke. Ngakhale kwa bambo kunyumba." Kuti asaonedwe akulowa muofesi, ankamutenga pa galimoto, kumufunsa mafunso m'njira, n'kukamutsitsa ku Area 1 pakati pa chigulu cha anthu.

Koma Lilongwe ili ndi maso. Goliati, mlonda wa geti loyandikana ndi la Cornelius, anabwera akumwetulira.

"Achimwene, alamu akwezedwa pantchito? Dzulo ndinawaona akutsika m'galimoto ku Area 1, mpando wakutsogolo. Ife tikungotha nsapato."

Anthu a mtundu wa Goliati ndimadana nawo. Amaponya mawu ngati nthabwala n'kupita kukadya, mnzawo atamusiyira moto m'chifuwa.

Kunyumba Cornelius sanavule n'komwe yunifomu.

"Galimoto ija ndi ya ndani?"

"Bambo, ndipatseni sabata imodzi. Ndidzakuuzani zonse."

"Sabata yoti mimba ikhazikike?"

"Mukundinyoza. Ndi nkhani ya kuntchito."

"Ntchito yako ndi kukolopa. Wokolopa anayamba liti kukhala kutsogolo?"

"Ndikakuuzani lero, mawa mageti onse a Area 10 adziwa. Mkamwa mwanu simugona mawu."

Zinali zoona, koma choonadi chotere kwa mwamuna wansanje ndi parafini.

Lachisanu masana Cornelius anasiya geti la eni lopanda munthu, n'kukabisala ku Area 1 kuseri kwa ogulitsa kaunjika, chibonga chake cha ulonda chili m'jekete. Galimoto inaima. Evelesi anatsika akuseka, poti a Kenani anali atangomuuza kuti umboni wakwana, bwana amangidwa. Kuseka kumeneko n'kumene kunamaliza Cornelius. Anamenya mkazi wake ndi chibonga chija kamodzi m'mutu, anthu akuona. Evelesi anamwalira asanafike kuchipatala.

Chomwe mkazi wake ankabisa, Cornelius anachimvera m'khoti, a Kenani akupereka umboni. Anagwira chitsulo cha m'bokosi la oimbidwa mlandu n'kufunsa, "Bwanji sanandiuze?" Woweruza anati moyo wake wonse akhale kundende.

Nanga bwana uja? Mboni itafa, m'galaja munasesedwa, mlandu unazilala. Goliati akadali pageti, akuti iye anangonena zomwe anaona. Wakuba ali panja, wamiseche ali panja, yemwe anachita chilungamo ali m'manda ku Mitundu. Zimenezi zimandinyansa.

Amuna anzanga, nsanje ilibe makutu, ili ndi manja okha. Cornelius anakana kudikira sabata imodzi. Kundende ya Maula tsopano ali ndi nthawi yonse yodikira.