Mkaka mu Injini ya a Mcloud

Choyamba chimene a Mcloud anaona chinali mkaka. Anatsegula boneti m'mawa kukuzizira, monga ankachitira asanapite ku shedi yosankhira fodya, ndipo atasolola kachitsulo koyezera oyilo anakapeza kali mbuu, ngati kaviikidwa mu tiyi wa mkaka amene wagona m'kapu. Anapukuta, nabwezera, nasololanso. Mkaka womwewo.

Ndikufotokoza monga anandiuzira mai Esnat, mkazi wa a Mcloud, pakhonde pawo pakomboni ya famu ina ya fodya kufupi ndi Karoi. Pamene iwo sanaone ndi maso awo, anawonjezera amuna awo.

Galimotoyo inali yofiira, yakale kwambiri, boneti yake yomanga ndi waya chifukwa loko inafa kalekale. Komabe a Mcloud ankaikonda, ndipo mwana wawo Delight ankaikonda koposa. Ukwati wake unali pafupi, ndipo anali atanenetsa kuti ku tchalitchi adzapita pa galimoto ya bambo ake, osati ya hayala. Woyendetsa zonse za ukwatiwo anali malume ake, a Godknows, mlongo wa mai Esnat, amene ankapemphera ndi mapositori kuthengo atavala mkanjo woyera. Makolo a anthu a pakomboniyi anachoka ku Malawi kale, Chichewa chawo chinasakanikirana ndi Chishona, koma mwambo umodzi sanautaye: mwana wamkazi sakwatiwa popanda malume ake kuimirira ngati nkhoswe.

A Godknows omwewo ndiwo anali omaliza kubwereka galimotoyo. Akazi awo anayamba matenda a uchembere kutada, iwo anathamangira kwa alamu awo kukapempha makiyi, natengera akaziwo ku chipatala ku Karoi. Mawa lake anabwera ndi uthenga wa mwana wamwamuna, banjalo litadikira zaka zambiri. Komboni yonse inavina. Makiyi anabwezedwa pakati pa nthungululu, ndipo palibe anakumbukira kufunsa kuti galimoto yayenda bwanji.

A Mcloud ataliza injini m'mawa wa mkaka uja, inalira monyinyirika, kenako inayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera, wochuluka, wosanunkha petulo. Ndipo penapake kutsogolo kunamveka kaphokoso kamene anali asanakamvepo, ngati mano akugundana mkamwa mwa munthu wozizidwa. Anazimitsa, napita kuntchito wapansi, osauza aliyense.

Usiku womwewo mai Esnat anadzidzimuka osadziwa chimene chawadzutsa. Kunali mdima wa nyengo yozizira, wopanda mwezi, ndipo nyumba zowotchera fodya zinali zitazima kale moto, zitangoima njo kuseri kwa komboni. Anamvetsera. Poyamba kunali zii. Kenako kunamveka chitsulo chikukanda chitsulo chinzake, pang'onopang'ono, kweee, n'kuleka, kweee, n'kulekanso, ngati chinthu chokhala ndi zikhadabo chikufuna potulukira. Chimene chinawaopsa kwambiri n'chakuti galu wawo, amene amauwa ngakhale kadzidzi, sanauwe. Anagwira chigongono cha amuna awo, napeza kuti nawonso ali maso. Anapemphera chamumtima mpaka kukandako kutaleka. Kutacha anapeza pansi pa galimoto pali ponyowa, m'mbali mwa chinyonthocho mutauma zoyera ngati ufa.

Nyumba za pakomboni n'zogundana, ndipo si iwo okha amene anamva. Pamjigo amai anayamba kunong'onezana za chikwambo, kanthu kamene akuti anthu ofuna mwayi amakagula kwa asing'anga, ndipo kamadya mkaka. Ena anati munthu wosabereka zaka zonsezo sangopeza mwana wamwamuna osapereka kanthu. Ena anati kanthuko kanamulemera Godknows, nakasiya m'galimoto ya mlamu wake kuti kasamukire kumeneko. A Godknows nawo anaikoleza nkhaniyo osadziwa, pakuti analeka kufika pakhomo pa mlongo wawo. Akaona a Mcloud akubwera panjira, ankakhotera m'munda.

Usiku wotsatira kukandako kunabweranso, ndipo tsopano kunali ndi mawu. Sanali mawu omveka, koma kung'ung'udza kwa pansipansi, kokwera ndi kutsika, kumene kunkaleka mphepo ikaleka. Usiku winanso a Mcloud analimba mtima, nakweza nsalu ya pawindo pang'ono ndi chala. Maso atazolowera mdima anaona boneti ili yasa, ndipo patsogolo pake pataima chinthu choyera, chachitali, chowerama. Mapewa chinali nawo, manja chinali nawo, koma mutu panalibe. Anasiya nsalu ija. Pobwerera m'mbuyo anagunda mbale, ndipo mbaleyo italira pansi, choyeracho chinayandama kulowera ku nyumba za fodya.

A Mcloud anakhala pamphepete pa bedi.

"Mai a Delight," ananong'ona, "ngati alamu anga andiikira chinthu m'galimoto, pa ukwati wa mwana wanga asadzapondepo."

"Ndiye adzaimirire ndani? Inuyo?"

"Kaya. Koma iwo ayi."

Khoma la nyumbazo ndi lopyapyala. Kuchipinda kwina anamva Delight akusisima, ndipo mai Esnat akuti kulira kumeneko kunawapweteka kuposa zonse za panja. Kutacha mtsikanayo anagwada pamaso pa bambo ake, napempha chinthu chimodzi chokha: asanaitane akulu a mpingo, asanatchule dzina la malume ake pagulu, ayambe aitana a Custodio.

A Custodio anali makaniko wa mathirakitala pafamupo, mwana wa anthu ochokera ku Tete, munthu woseka ngakhale pamaliro. Anabwera Lamulungu masana mapemphero atatha, atanyamula thumba la masipanala. Anthu anasonkhana, koma chapatali ndithu, ena atagwira Baibulo.

Anayamba ndi oyilo. Anaupaka pakati pa zala, naununkhiza, nanena kuti mkaka umenewu ng'ombe yake akuidziwa: ndi madzi amene alowa mu oyilo. Anatsegula chivundikiro cha ledieta, momwe mumakhala madzi oziziritsa injini, nauza a Mcloud kuti alize. Madziwo anayamba kuchita thovu injini isanatenthe n'komwe. Anafotokoza kuti pakati pa hedi, ndiye mutu wa injini, ndi thupi lake pamakhala gasiketi yolekanitsa moto, madzi ndi oyilo, ndipo ikapsa zitatuzi zimayenderana ngati anthu a mpanda umodzi. Utsi woyera uja unali madzi amene akuwira mkati. Gasiketi siipsa yokha, anatero, pali amene anayendetsa galimoto itatentha kwambiri. Kenako anaviika chala m'madzimo, nalawa, nalavula.

"Ndani amathira mchere muno, akulu? Mumafuna kuphikamo matemba?"

Palibe anaseka. A Custodio anawerama, nayang'anitsitsa pakamwa pa ledieta, naitana a Mcloud kuti adzaone mikwingwirima yatsopano, yonyezimira, kuzungulira pakamwapo.

"Chikwambo chanu chimayenda ndi waya," anatero.

Anamasula mapaipi, nanyamula ledieta yonse, naikhutchumula. Kaphokoso ka mano kaja kanamveka poyera, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo, wina mpaka anagwera pa nkhuku. Ataitembenuza, panagwa timiyala tosalala, toyera, tating'ono ngati nzama.

Mai Esnat anatiyang'ana kamodzi kokha, namanga chitenje, nanyamuka. Anabwera atagwira mlongo wawo pamkono ngati mwana wothawa sukulu.

A Godknows anafotokoza maso ali pansi. Usiku uja, ali pakati pa minda, kutali ndi nyumba iliyonse, kasingano ka kutentha kanafika pofiira ndipo boneti inayamba kufuka nthunzi. Akazi awo anali akubuula kumbuyo. Madzi amene anali nawo anali amodzi okha: botolo la muteuro, madzi opemphereredwa kwa mapositori, othira mchere ndi timiyala, amene mneneri anawapatsa kuti mai abereke bwino. Anawakhuthulira onse mu ledieta injini ili moto, timiyala tonse tinatsetserekera momwemo, ndipo anayendetsa osaimanso mpaka pachipata cha chipatala. Pambuyo pake anakumbukira mawu a mneneri, akuti timiyalato tikhale pansi pa mphasa ya mwana mpaka mchombo utagwa. Kuuza alamu awo kuti awononga galimoto ya mkwatibwi kunawakanika. Ndiye akachoka kumapemphero a usiku, ali ndi mkanjo womwewo, ankabwera ndi kawaya kudzativuula, mutu uli m'kati mwa boneti, akupempha Mulungu kuti awathandize. Madzi amene ankatayika pansi ankawabwezera ndi ena a mchere ochokera kwa mapositori komweko, poopa kusakaniza opemphereredwa ndi wamba. Sanavuule ngakhale kamodzi.

A Mcloud anayang'ana boneti yotsegulayo. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Alamu, ine ndinapempherera munthu wopanda mutu usiku wonse. Ndimati ndi mzimu wosowa kokagona."

Kuseka kunayambira kwa a Custodio, kukafika kwa amai aja a pamjigo, amene anaseka kwambiri kuposa onse. A Custodio, akupukuta misozi, ananyamula paipi ya pansi naionetsa gulu. Inali yong'ambika, yomanga ndi mphira wa chubu, ndipo womanga anali a Mcloud eni ake chaka chatha. Madzi oyamba anathawira pamenepo. Timiyala sitinaphe injini, anatero, anaipha ndi mphira wa mwini galimoto pamodzi ndi madzi ozizira a wobwereka, choncho alamu awiriwa agawane mlandu mofanana. Koma anawauzanso zoona: hedi yapindika, iyenera kupita ku Chinhoyi kukapalidwa, ndipo siidzabwera ukwati usanachitike.

A Mcloud anatola timiyalato, natipukuta ndi malaya awo, natiika m'dzanja la a Godknows.

"Pitani nato kwa mwana. Ndipo Loweruka musatiyimirire ndi maso ofiira, muyambe kugona usiku."

Onse anatembenukira kwa Delight, poganiza kuti alira chifukwa cha galimoto. Iye anangoti sananenepo kuti injini ikhale ikulira, anati adzakwera galimoto ya bambo ake, basi. Ndipo anayang'ana malume ake.

Loweruka galimoto yofiira inakongoletsedwa ndi maluwa ndi nsalu zoyera. A Mcloud anakhala pa chiwongolero atavala suti, mkwatibwi ndi mai ake kumbuyo. Okankha anali a Godknows ndi anzawo a kwa mapositori, mitu yometa ikunyezimira padzuwa, akuimba nyimbo zawo, amai a tchalitchi cha a Mcloud akuyankha ndi zawo. Msewu wa pafamupo uli ndi chitunda chisanafike tchalitchi, ndipo pamenepo galimoto inaima, niyamba kubwerera. A Custodio anavula jekete, anthu a pamjigo anatula mabasiketi, komboni yonse inaika manja, mpaka inakwera.

Mwambo utafika poitana ankhoswe, abusa anafunsa ngati a kuchikazi alipo. Kumbuyo kunaimirira munthu ali thukuta kamukamu, fumbi lofiira mpaka m'ndevu, atagwira benchi ndi manja onse awiri.

"Tilipo, abusa," anatero a Godknows. "Tingopumako pang'ono, tikubwera."

Ndipo abusa anatseka buku lawo, nawadikira.