Makilo Anayi a Reinford

M'malayini a esiteti, kumtunda kwa Nchilamwela, munali nyumba imene ukamadutsapo Lachisanu dzuwa likulowa unkachepetsa liwiro kuti umve nyimbo. Inali ya a Raphael Namakhwa, kapitawo wa othyola tiyi komanso mkulu wa mpingo wa Sabata. Bamboyo anamerera imvi m'minda ya tiyi, koma tiyiyo sanamulawepo, poti chipembedzo sichilola. Akazi awo, a Dainess, anali a Dorika, mayi woseka ndi aliyense, ngakhale matenda a shuga ankawamwetsa mapilisi m'mawa ndi madzulo. Ana anali awiri: Mervis, namwino pachipatala cha mishoni, ndi Reinford, chitsirizira, wa zaka makumi awiri.

Reinford ankagwira ntchito yodulira tiyi, ndipo chikwanje chinamupatsa mapewa ngati a ng'ombe yapangolo. Anthu ankamuyamikira, iye n'kumameza mayamikirowo osatafuna. Komabe anali mwana womvera. Anali m'kalasi ya ubatizo, ndipo tsiku lake lolowa m'madzi linali litadziwika kale: Sabata lachitatu la Okutobala.

Chaka chomwecho kunabwera munthu wina dzina lake Chancellor kuchokera ku Joni, mphuno yopindika, foni yodzaza mavidiyo a anthu omenyana m'zitatanga. Kuseri kwa bala ina pa Masambanjati anazika mitengo ya bulugamu, n'kuizinga ndi waya wakale wofotetsera tiyi amene fakitale inataya. Malowo anthu anangowatcha khola. M'menemo ankalowa anyamata awiri, chitseko n'kutsekedwa. Nkhonya zinkaloledwa, mateche ankaloledwa, kupotokola mkono ndi kukanyanga pakhosi zonse zinkaloledwa. Wogonja ankamenya pansi katatu.

"Aise, mapewa amenewa ukuwataya ndi zitsamba," anatero Chancellor tsiku loyamba kukumana ndi Reinford. "Ku Joni munthu ngati iwe amamujambula pazikwangwani."

Nkhani ya khola itafika pakhomo, a Namakhwa anaidula mwachidule.

"Khola ndi la mbuzi ndi nkhumba. Zimenezo zimachita kukokedwa kuti zilowe. Munthu wolowamo yekha, ndi miyendo yake, wasiya nzeru pakhomo. Ndisadzamve, Reinford."

"Simudzamva, bambo."

Ndipo sanamvedi. Lamulungu lililonse masana mnyamatayo ankati akupita kokonzekera kwaya, koma nyimbo zake zinali za zibakera. Patatha miyezi iwiri, panalibe wa ku Nsabwe kapena ku Masambanjati amene ankatha naye raundi imodzi.

Kenako Chancellor anabwera ndi nkhani yaikulu. Kudzabwera anthu a ku Limbe ndi makamera. Wopambana adzavala lamba, n'kukamenya m'tauni. Tsiku lake linali Loweruka lachitatu la Okutobala.

"Limenelo ndi tsiku la ubatizo wanga," anatero Reinford.

"Ubatizo nthawi yanji?"

"Fili koloko."

"Ndiye vuto lili pati? Sikelo teni koloko, faiti thwelofu. Kabaza akakutula kudziwe lobatizira thukuta lisanaume n'komwe. Madzi omwewo akakusambitsa."

Anamuyeza pasikelo yoyezera tiyi, yopachika panthambi ija. Reinford analendewera pangowe ngati thumba la masamba, singano n'kukaima pa sevente-folo. Malire anali sevente.

"Makilo anayi achoke pofika Loweruka," anatero Chancellor. "Kuyambira Lachitatu, pakamwa tseka. Madzi ongonyowetsa lilime. Uvale pulasitiki ya mvula, uzithamanga m'mizere ya tiyi masana."

"Kunyumba ndikanena chiyani? Amayi mbale ikangobwerera yodzaza amaitana Mervis kuti andipime."

Chancellor anaseka mpaka kuonetsa chibwano chopanda mano awiri. "Si ndinu a mapemphero inu? Ukanene kuti ukusala kudya."

Bodzalo linalowa m'nyumba Lachiwiri madzulo, ndipo analilandira ngati mlendo wolemekezeka. A Namakhwa anagwedeza mutu mokhutira. A Dainess misozi inalengeza.

"Mwana wanga akusalira ubatizo wake! Ndiye ine ndizikhala ndikutafuna iwe ukulimbana ndi Satana? Ayi. Ndisala nawe. Tidzamasula limodzi ukadzatuluka m'madzi."

"Amayi, inu ayi. Inu mumadwala."

"Amene anandipatsa iwe sangandisunge masiku atatu?"

Reinford anafuna kuwaletsanso. Koma anadziuza kuti amayi asala tsiku limodzi n'kutopa.

Sanatope.

Lachinayi masana, Mervis akuchokera ku ntchito, anapeza Reinford m'munda nambala seveni akuthamanga chokwera mtunda, atadzikulunga pulasitiki, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anamuimitsa.

"Wosala amagwada, sathamanga. Ukuchita chiyani?"

"Ndikungowongola miyendo, achemwali."

"Tamvera, Reinford. Amayi akumwa mapilisi a shuga m'mimba mulibe kanthu. Ndawauza kuti adye, akuti sadya mpaka iwe utadya. Ndawauza kuti ndiye asiye kaye mapilisiwo, akuti adokotala anati asadumphitse tsiku. Shuga akatsika kwambiri munthu amakomoka, ndipo ena sadzukanso. Ine andikanika. Bambo akuti kusala ndi nkhani ya munthu ndi Mulungu wake. Watsala iwe. Lero ukadye nawo mgonero."

"Ndamva."

"Sindikufuna kumva kwako. Ndikufuna ukadye."

M'mawa wa tsiku limenelo singano inali pa sevente-thu. Reinford anaganiza za mgonero wa amayi ake, umene sutha ndi mbale imodzi, naganizanso za singanoyo. Madzulo anakhala panja ndi Baibulo lotsegula, osawerenga ngakhale vesi.

Lachisanu dzuwa likulowa anakhala pamodzi kulandira Sabata. A Dainess anayambitsa nyimbo, koma mawu ankanjenjemera. Pandime yachiwiri buku la nyimbo linawapulumuka n'kugwa. Thukuta linali litamera pamphumi pawo ngakhale kunkawomba kamphepo.

"Mayi, imwani kaphala," anatero a Namakhwa.

"Kwangotsala mawa lokha, bambo. Onani mwanayu milomo yaumiratu, koma sakudandaula. Ndigonje ndine?"

Reinford anatola bukulo. Zala za amayi ake zitakhudza zake zinali zozizira, ndipo anachita mantha enieni. Mawu anafika pakhosi: amayi, ndakunamizani. Anali mawu awiri okha, ndipo akanakwanira. Pomwepo foni inanjenjemera m'thumba. Anasuzumira mwakabisira. Chancellor anali atatumiza chithunzi cha Reinford, chifuwa pamtunda, pansi pake atalemba kuti CHIKWANJE CHA KU THYOLO. Anachiyang'ana kawiri. Mawu aja anabwerera kumene anachokera.

Sabata m'mawa anauza makolo ake kuti akufuna kukapemphera yekha kuphiri, akawapeza kudziwe. Amayi ake anamuonetsa malaya oyera amene anasita dzulo lake, n'kuwapinda m'chikwama chawo.

"Usachedwe. Ndikakhala kutsogolo kwenikweni."

Teni koloko singano inaima pa sevente ndendende. Anyamata anakuwa. Chancellor analanda mafoni a omenya onse kuti asasokonezeke, n'kuika patsogolo pa Reinford mbale ya tchipisi, mandasi ndi zakumwa zozizira. Anadya ngati galu womasulidwa pachingwe. Ali pakati pa mbale anakumbukira kuti kutchalitchi kuli munthu amene sanadye. Anaima pang'ono. Kenako anapitiriza, akudziuza kuti maola asanu si kanthu kwa munthu amene wapirira masiku atatu.

Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Thwelofu inakwana a ku Limbe asanafike. Wani koloko anafika, koma jenereta inakana kulira. Thu koloko anayamba ndi timafaiti ta anyamata ochepa thupi. Reinford ankangoyang'ana dzuwa.

"Achimwene, nthawi. Ine ndizipita."

"Pita," anatero Chancellor. "Makamera ajambule msana wako. Thyolo yense adziwe kuti Chikwanje chinathawa."

Chitseko cha khola chinamutsekera mkati fili koloko itadutsa kale. Mdani wake anali Peterson wa ku Luchenza, wamtali, wa miyendo yofulumira. Theche loyamba linamupeza Reinford m'nthiti, chigongono n'kumung'amba pamwamba pa diso. Magazi anatseka diso lamanzere. Anthu ankagwedeza waya, akukuwa dzina lake latsopano lija. Raundi yachiwiri Reinford anamulowa m'miyendo, kumunyamula, n'kumumenyetsa pansi. Anamukwera pamsana, mkono wodulira tiyi uja n'kuzinga khosi. Anafinya. Peterson anaphupha, kenako dzanja lake linamenya pansi katatu.

Anthu ananyamula Reinford m'mwamba, lamba ali m'chiuno. Kwa kanthawi anaiwala zonse, ndipo kunena zoona zinamukomera kwambiri. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Atamubwezera foni, anapeza kuti Mervis wakhala akuimba kuyambira ubatizo usanathe, kuimba ndi kuimbanso.

Kabaza anamutula kudziwe dzuwa litapendeka. Kunalibe nyimbo, kunalibe anthu, koma a Marita okha, mnzawo wa amayi ake ku Dorika, atafungata chikwama chimene iye anachizindikira.

"Abusa anaitana dzina lako katatu," anatero a Marita, osamuyang'ana kumaso. "Amako anakana kukhala pamthunzi. Anaima padzuwa apo, maso kunjira. Atayamba kunjenjemera ndinawapatsa thobwa. Anakankha kapu, amvekere, mwana wanga sanadye. Kenako anangogwa. Galimoto inavuta kupeza. Thamangira kuchipatala."

Anathamanga, lamba ali m'manja, poti sanadziwe pomutaya. Pakhonde la chipatala anapeza Mervis atakhala pansi, yunifolomu yake yoyera ili m'fumbi, chinthu chimene sanachitepo. Sanafunikire kuuzidwa. A Namakhwa anali ataima potsamira chipilala. Anayang'ana diso lotupa, magazi ouma patsaya, lamba, ndi mafuta a tchipisi pamalaya. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Wadya?"

"Eya, bambo."

"Nthawi yanji?"

"Teni koloko."

Bamboyo anatseka maso. "Amako agwa itadutsa folo."

Reinford anagwada pasimenti, nalira ngati mwana wakhanda, akunena mawu awiri aja mobwerezabwereza. Tsopano ankatuluka mosavuta, koma wowamva panalibe.

Maliro atatha, a Marita anabweretsa chikwama chija. Mervis anachitsegula pamaso pa mlongo wake. Pamwamba panali malaya oyera, opindidwa bwino. Pansi pake panali zigumu ziwiri zokulunga m'tsamba la nthochi, botolo la thobwa, ndi makapu awiri.

Reinford anaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kuulula zonse, osabisa kanthu. Chaka chotsatira anabatizidwa m'dziwe lomwelo, atavala malaya omwewo. Mulungu amakhululuka, ndipo bambo ake nawo m'kupita kwa nthawi anakhululuka. Koma potuluka m'madzi maso ake anapita okha kutsogolo kwenikweni, pamene panayenera kuima munthu. Chancellor sanabwere ngakhale kumaliro. Sabata yomweyo anali atapeza kale mnyamata wina wa mapewa, ndipo khola likudyabe anthu mpaka lero.

Wachinyamata iwe, tamvera. Tchimo limakuuza kuti thupi ndi lako, njala ndi yako, ukapweteka upweteka wekha. Limanama. Ukabisa zoipa zako m'chovala cha mapemphero, woyamba kukhulupirira ndi amene amakukonda kwambiri, ndipo ndi yemweyo amene adzasenze chilango chako. Ngati pali mawu oona amene akukukakamira pakhosi lero, anene lero, wowamva akadali moyo. Reinford anachotsa makilo anayi m'masiku atatu. Chimene anasenza m'malo mwake sanachitulebe.